Mmene mungapezere maonekedwe a molekyu popanda kuloweza mndandanda

Chimene chimandiwawa ndikaona mwana wa sekondale akuwerenga kemisitiri ndi ichi: watenga pepala, walemba kuti madzi ndi bent, methane ndi tetrahedral, ammonia ndi pyramidal, CO₂ ndi linear, nde akuloweza ngati ndakatulo mpaka pakati pa usiku. Pamayeso akangomubweretsera molekyu ina yomwe sinali pa pepala lija, kaya H₂S kaya PH₃, basi mutu waima. Pomwe zoona zake nzoti maonekedwe a molekyu sachita kuloweza, amachita kuwerengetsera, ndipo masamu ake ndi a kupulayimale, kuphatikiza ndi kugawa ndi 2 basi. Ndikuonetsani njira yake, koma mutenge pensulo ndi pepala muzijambula limodzi nane, izi zongowerenga ndi maso sizilowa.

Tiyambe ndi maelekitironi a mu shell yakunja, kutanthauza gawo lakunja kwenikweni la atomu, chifukwa nkhani yonse ya mabondi ili pamenepo, a mkati aja sapanga nawo. Mukayang'ana pa periodic table, gulu limene atomu ili limakuuzani kuti kunja kuli angati. Haidrojeni ndi sodium ali ndi imodzi, magnesium awiri, boron ndi aluminium atatu, kaboni anayi, nayitrojeni ndi phosphorus asanu, okosijeni ndi sulfur 6, fluorine ndi chlorine 7. Ma noble gas ngati neon ndi argon ali ndi 8, shell yawo ndi yodzadza kale nchifukwa chake sasamala zogwirana ndi anzawo. Maatomu enawa akamapanga mabondi kawirikawiri amathera pokhala ndi 8 kunja, kupatula haidrojeni amene 2 zamukwana chifukwa shell yoyamba malire ake ndi omwewo. Manambala amenewa okha ndi amene ndingakuuzeni kuti muwasunge m'mutu, ndipo ngati tebulo mwapatsidwa simufunikanso kuwasunga.

Musanajambule kanthu dzifunseni kaye kuti bondi yake ndi yamtundu wanji, chifukwa si chinthu chilichonse chomwe chili ndi molekyu. Metal ikakumana ndi non-metal, metal ija imapereka maelekitironi ake akunja, inayo nkulandira. Sodium wapereka imodzi wasanduka Na⁺, chlorine walandira wasanduka Cl⁻, nde awiriwa akukokana chifukwa wina ndi positive wina negative, imeneyo ndi ionic bond. Koma apa ambiri amasochera, amajambula Na mmodzi wagwirana ndi Cl mmodzi ngati kamolekyu kapadera. Ayi ndithu. Mu sodium chloride Na⁺ aliyense wazunguliridwa ndi ma Cl⁻ 6, Cl⁻ aliyensenso wazunguliridwa ndi ma Na⁺ 6, mpaka kupanga chimulu chachikulu chosanjikizana bwino chomwe timati lattice, ndipo kuti muchisungunule ndi moto mpaka mufike madigiri 801 Celsius. Fomula ya NaCl ikungotiuza kuti pa Na mmodzi pali Cl mmodzi, sikutanthauza molekyu. Ma metal okhaokha nawo ali ndi zawo, maelekitironi akunja amangoyendayenda mwaufulu pakati pa ma ion a positive (maatomu otaya maelekitironi ngati Na⁺ uja), nchifukwa chake waya wa kopa amadutsitsa magetsi komanso amapindika osathyoka. Zimenezo tazisiya pompo. Nkhani ya maonekedwe ndi ya ma covalent bond, pamene ma non-metal awiri palibe wofuna kupereka, nde amagwirizana kugwiritsa ntchito peya ya maelekitironi limodzi. Ganizo limeneli, loti bondi ndi maelekitironi awiri ogawana, analitulutsa ndi Gilbert Lewis mu 1916, ndipo timadontho timene mumajambula mozungulira chilembo cha atomu tija timatchedwa ndi dzina lake.

Tsono kujambula kwake. Choyamba phatikizani maelekitironi onse akunja a maatomu onse, mulembe nambalayo pakona ya pepala ndipo musaiiwale. Tiyese madzi, H₂O: okosijeni 6, ma haidrojeni awiri 1 ndi 1, zonse 8, kugawa ndi 2 tapeza mapeya anayi. Kenako sankhani atomu yapakati. Kawirikawiri imakhala imene ilipo imodzi yokha mu fomula, ndipo haidrojeni sakhala pakati zivute zitani chifukwa amapanga bondi imodzi basi. Ikani O pakati, H uku H uku, lumikizani aliyense ndi kamzere kamodzi. Kamzere kalikonse ndi peya imodzi, nde mapeya awiri apita, atsala awiri. Ma haidrojeni akhuta kale, choncho mapeya awiri otsalawo alibe kwina kopita, akukhala pa okosijeni. Amenewo ndi ma lone pair, mapeya osagwira bondi iliyonse, angokhala pa atomu yapakati. Ndikupemphani, muziwajambula nthawi zonse ngakhale funso lisanene. Mwa zolakwika zonse zimene ndimaona pa mutu umenewu, zochuluka kwambiri zimayambira pa kuiwala timadontho tinayi timeneti.

Ammonia, NH₃, nchimodzimodzi: 5 kuphatikiza 3 ndi 8, mapeya anayi, atatu apita ku mabondi, imodzi yatsala pa nayitrojeni. Methane, CH₄: 4 kuphatikiza 4 ndi 8, mapeya anayi onse apita ku mabondi, palibe chotsala. Mwaonatu kuti atatu onsewa, madzi, ammonia ndi methane, ali ndi mapeya anayi pa atomu yapakati, kusiyana kwawo nkwakuti angati ali mu bondi angati ali okha. Gwirani pamenepo tibwererapo.

CO₂ imafuna kuganizako pang'ono. Kaboni 4, ma okosijeni awiri 12, zonse 16, mapeya 8. Ikani C pakati, mizere iwiri, mapeya atsala 6. Lamulo ndi loti muyambe kukhutitsa akunja, nde O aliyense mumpatse mapeya atatu, atha onse 6. Tsopano yang'anani kaboni, ali ndi maelekitironi anayi okha omuzungulira pomwe akufuna 8, ndipo simungakatenge ena kunja chifukwa nambala ija munalemba pakona ndi 16 basi. Chochita nkutenga lone pair imodzi pa okosijeni aliyense nkuikokera pakati kuti ikhale bondi yachiwiri. Mwapeza O=C=O, ma double bond awiri, kaboni wakwana 8, ma okosijeni akadali ndi 8, ndipo pa kaboni palibe lone pair ngakhale imodzi. Mukamaliza chojambula chilichonse muziwerenganso timadontho ndi timizere muone ngati zikufanana ndi nambala ya pakona ija, zimatenga masekondi ochepa koma zimapulumutsa mamakisi.

Chojambula chikakhala bwino, maonekedwe amabwera okha. Mfundo yake ndi imodzi: maelekitironi onse ndi negative, ndiye amakankhana, peya iliyonse imafuna kukhala kutali ndi inzake mmene ingathere. Dzina lake lalitali ndi valence shell electron pair repulsion, mwachidule VSEPR. Anayambitsa ndi Sidgwick ndi Powell mu 1940, kenako Gillespie ndi Nyholm anaikonza bwino mu 1957. Chimene mukuchita inu nkuwerenga magulu a maelekitironi ozungulira atomu yapakati yokha, za akunja zisiyeni. Bondi imodzi ndi gulu limodzi, lone pair ndi gulu limodzi, ndipo double bond kapena triple bond nayonso ndi gulu limodzi lomwelo chifukwa maelekitironi ake onse aloza mbali imodzi. Apa pokha anthu amawerenga CO₂ kuti ili ndi magulu anayi nkuitcha tetrahedral, pomwe magulu ndi awiri.

Ngati mungapeze mabaluni, yesani izi kamodzi kokha, simudzaiwalanso. Fufumitsani mabaluni ofanana kukula, mumange awiri pakamwa pake pamodzi. Muona kuti aloza wina uku wina uko, mzere wowongoka, madigiri 180, imeneyo ndi linear ngati CO₂. Onjezani lachitatu, adzitambasula okha mosalala ngati nsonga zitatu za triangle, madigiri 120 pakati pa lililonse, trigonal planar. Mukaika lachinayi mpamene pali phunziro lenileni, chifukwa mutu umakuuzani kuti apanga mtanda wa madigiri 90 ngati mmene timajambulira methane papepala, koma mabaluniwo sachita zimenezo, atatu amatsikira pansi ngati miyendo, limodzi nkuloza kumwamba, ndipo mukalitembenuza mbali iliyonse likuoneka chimodzimodzi. Imeneyo ndiye tetrahedral, madigiri 109.5. Chifukwa chake nchosavuta, 109.5 ndi kutali kuposa 90, ndipo molekyu sikhala papepala ayi, ili ndi malo kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pepala ndi limene limatinamiza.

Tibwerere kwa atatu aja. Methane magulu anayi, onse mabondi, onse akukankhana mofanana, tetrahedral yeniyeni, 109.5. Ammonia nayo magulu anayi, nde mapeyawo akhala mwa tetrahedral momwemo, koma dzina la maonekedwe timalitenga poyang'ana pamene pali maatomu pokha, lone pair imatenga malo koma sitiiwerenga potchula dzina. Mukabisa ndi chala nsonga imene pali lone pair, chotsala ndi nayitrojeni pamwamba, ma haidrojeni atatu pansi, kapiramidi ka miyendo itatu, trigonal pyramidal. Madzi mubise nsonga ziwiri, chotsala ndi O ndi ma H awiri opindika ngati chilembo cha V, bent. Ndiye mafunso ndi awiri osiyana: mapeya akhala bwanji, ndi maatomu akhala bwanji. Funso la pamayeso likati shape of the molecule likufuna lachiwirilo.

Nanga bwanji ngodya za ammonia ndi madzi sizili 109.5? Peya ya mu bondi ikukokedwa ndi ma nucleus awiri, mitima ya maatomu awiriwo, nde imakhala yotambasuka, yowonda, yatalikirako ku atomu yapakati. Lone pair ikukokedwa ndi nucleus imodzi yokha, imakhala pafupi komanso yonenepa, imadya malo ambiri nkukankha anzake mwamphamvu. Ngati pa mabaluni aja mungasinthe limodzi nkuika lalikulupo, muona atatu enawo akufinyikira pamodzi. Choncho ammonia yokhala ndi lone pair imodzi ngodya yatsika kufika pafupifupi 107, madzi okhala ndi awiri yatsikanso kufika 104.5. Poyankha lembani ndondomeko yonse: kukankhana kwa lone pair ndi lone pair nkwamphamvu kuposa kwa lone pair ndi bondi, komwenso nkwamphamvu kuposa kwa bondi ndi bondi. Chiganizo chimenechi chokha nthawi zambiri chimakhala ndi makisi ake.

Pali ena osatsatira lamulo la 8 lija, musadabwe mukakumana nawo. BF₃, boron ali ndi atatu kunja, wapanga mabondi atatu, wathera pa maelekitironi 6, palibe lone pair, trigonal planar, 120. Taonani mmene BF₃ ndi NH₃ zikufanirana pa fomula, atomu imodzi pakati atatu kunja, koma ina ndi yosalala ina ndi piramidi, ndipo chosiyanitsa ndi lone pair ija basi. Woloweza amagwa pamenepa, wowerengetsera amadutsa. BeCl₂ ikakhala mpweya ili ndi magulu awiri, linear. Kwinaku phosphorus ndi sulfur amatha kupitirira 8: PCl₅ magulu asanu, trigonal bipyramidal, ngodya zake 120 ndi 90, SF₆ magulu 6, octahedral, zonse 90. Ngati silabasi yanu sinafike kumeneko ingodziwani kuti njira ndi yomweyo, kuwerenga magulu.

Ma ion nawo musawaope. Chosintha ndi nambala ya pakona ija yokha, akakhala positive chotsani elekitironi imodzi pa plus aliyense, akakhala negative onjezani. NH₄⁺: 5 kuphatikiza 4 ndi 9, chotsani imodzi ndi 8, mapeya anayi, mabondi anayi, tetrahedral ngati methane. Chachitika nchoti lone pair ya ammonia ija yagwira H⁺ amene anabwera chimanjamanja, maelekitironi onse awiri a bondi yatsopanoyo achokera kwa nayitrojeni, nchimene amati dative bond kapena coordinate bond. Ikangopangika siisiyananso ndi mabondi atatu enawo, ndipo poti lone pair yapita ngodya yabwerera pa 109.5. H₃O⁺ yesani nokha, mupeza kuti yafanana ndi ammonia.

Tsono mwina mukuti, zonsezi nzantchito yanji, molekyu kaya ipindike kaya iwongoke? Apa mpamene ine ndimakondera mutu umenewu. Mu covalent bond maatomu awiri sakoka peya ija mofanana nthawi zonse, mphamvu yokoka imeneyi ndi electronegativity, ndipo sikelo imene timagwiritsa ntchito anaikonza ndi Linus Pauling mu 1932. Fluorine ndiye katswiri, pafupifupi 4.0, okosijeni cha pa 3.5, nayitrojeni 3.0, kaboni 2.5, haidrojeni cha pa 2.1. Mu bondi ya O ndi H maelekitironi amapendekera kwa okosijeni, iye nkukhala negative pang'ono, haidrojeni positive pang'ono, timalemba δ⁻ ndi δ⁺. Bondi ya C ndi O nayo ndi yopendekera choncho, ndipo bondi yotere timati ndi polar. Koma bondi kukhala polar sikutanthauza kuti molekyu yonse ndi polar, muyenera kuyang'ana maonekedwe. Mu CO₂ okosijeni wina akukokera kumanja wina kumanzere ndi mphamvu yofanana pa mzere umodzi, ngati anthu awiri ofanana mphamvu akukokana chingwe, palibe chosuntha, molekyu ndi non-polar. Madzi poti ndi opindika, kukoka konse kukupita mbali imodzi ya okosijeni, palibe chokufafaniza, nde molekyu ili ndi mbali ya negative ndi mbali ya positive. CCl₄ ili ndi mabondi anayi a polar koma akhala mofanana mbali zonse za tetrahedral, afafanizana, non-polar. Chotsani chlorine mmodzi muike haidrojeni, CHCl₃, kufanana kuja kwasokonekera, yasanduka polar.

Zotsatira zake mumaziona ndi maso. Haidrojeni wa δ⁺ wa molekyu imodzi ya madzi amakokedwa ndi lone pair ya okosijeni wa molekyu ina, hydrogen bond, ndipo poti molekyu iliyonse ili ndi ma H awiri ndi ma lone pair awiri imatha kugwirana ndi zinzake mpaka zinayi. Nchifukwa chake madzi amawira pa madigiri 100, pomwe H₂S, yomwe ndi yolemera kuposa madzi, imawira cha pa 60 pansi pa ziro, methane cha pa 162 pansi pa ziro. Nchifukwa chakenso madzi amasungunula sodium chloride, mbali ya okosijeni imazungulira Na⁺, mbali ya ma haidrojeni imazungulira Cl⁻, nkuwayula mu lattice muja mmodzimmodzi. Ndipo chonde, madzi akamawira ma covalent bond sakuduka ayi. Nthunzi ikadali H₂O. Chimene chikuduka ndi kukokana kwa pakati pa molekyu ndi molekyu. Amene amalemba kuti methane imawira msanga chifukwa ma covalent bond ake ndi ofooka amataya makisi, mabondi a C ndi H ndi olimba ndithu, chofooka ndi chokoka pakati pa mamolekyu. Daimondi ndiye chitsanzo cha pamene muyenera kudula ma covalent bond enieniwo, kaboni aliyense wagwira anzake anayi mwa tetrahedral mpaka mwala wonse, nchifukwa chake ndi wolimba choncho.

Pojambula tetrahedral papepala gwiritsani ntchito mizere itatu yosiyana: mzere wamba kwa mabondi awiri amene agona papepala, kamphanda kodetsedwa kokula cha kunsonga kwa bondi imene ikubwera kwa inu, ndi mzere wodukaduka kwa imene ikupita kumbuyo. Lembani ngodya, jambulani ma lone pair, lembani dzina. Osajambula madzi mowongoka H–O–H kenako nkulemba pansi kuti bent, wochonga amayang'ana chithunzi.

Tiyese ziwiri zomwe sizikhala pa mndandanda wa ambiri. H₂S: sulfur ali gulu limodzi ndi okosijeni, 6 kuphatikiza 2 ndi 8, mabondi awiri, ma lone pair awiri, bent. PH₃: phosphorus ali gulu limodzi ndi nayitrojeni, mabondi atatu lone pair imodzi, trigonal pyramidal. Apa ndikuchenjezeni chinthu chimodzi, njirayi imakupatsani maonekedwe molondola komanso imakuuzani kuti ngodya ichepera 109.5, koma siikupatsani nambala yeniyeni. Ngodya ya H₂S ndi pafupifupi 92, osati 104.5 ya madzi. Ndiye mukakumana ndi molekyu yachilendo lembani kuti ngodya ndi yochepera 109.5 nkupereka chifukwa, kusiyana nkubwereka nambala ya molekyu ina.

Yomaliza ndi SO₂, imene imakola anthu chifukwa imaoneka ngati mphwake wa CO₂. Sulfur 6, ma okosijeni 12, zonse 18, osati 16, nde pali peya imodzi yoonjezera. S pakati, mizere iwiri, mapeya 7 atsala, 6 apita kwa ma okosijeni, imodzi yatsala, ikukhala pa sulfur. Mabuku ena amajambula double bond imodzi ena awiri, zimenezo zisakusokonezeni chifukwa powerenga magulu yankho silisintha: okosijeni uku gulu limodzi, okosijeni uko gulu lachiwiri, lone pair lachitatu. Magulu atatu akhala mosalala pa 120, bisani nsonga ya lone pair, chatsala ndi V. SO₂ ndi bent, ngodya yake yochepera 120 pang'ono, cha pa 119, ndipo poti ndi yopindika ndi polar, pomwe CO₂ si polar. Tsopano tembenuzani pepala mujambule SO₃ ndi NF₃ osayang'ana kuno, muyambe ndi nambala ya pakona.